Masenti Asanu pa Botolo: Momwe Anthu a ku California Anayesera Kukweza Msonkho wa Mowa

Lero tikamba za mowa, koma osati za kukoma kapena kuipa kwake. Zimenezo abusa, madokotala ndi amayi apakhomo akhala akuzinena kuyambira kale. Ife tikamba za msonkho wake, komanso za anthu amene anatopa ndi kudikira aphungu n'kuganiza zoukweza okha kudzera m'bokosi la voti. Zinachitikira ku California, chigawo cha kumadzulo kwa dziko la America, m'chaka cha 1990. Anthuwo anagonja, ndipo anagonja moonekeratu. Koma kagonjedwe kawo n'kamene kandichititsa kubweretsa nkhaniyi pano, chifukwa msonkho umene California akutolera pa mowa mpaka lero unabadwa pa mkangano umenewo.

Tiyambe ndi njira imene anagwiritsa ntchito, chifukwa kwa ambiri a ife ndi yachilendo. Ku Malawi tikamva za riferendamu timakumbukira pa 14 Juni 1993, tsiku limene anthu anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Riferendamu ija anaitanitsa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo funso linachokera kumwamba. Ku California kuli khomo linanso. Munthu wamba, kapena gulu la anthu, angathe kulemba lamulo lawo, n'kuyamba kuyenda m'misika, m'misewu ndi pamakomo a masitolo kupempha ovota kuti asaine. Osaina akakwana chiwerengero chofunika, lamulolo limaikidwa pa pepala lovotera pa chisankho, ndipo ovota akalivomera limayamba kugwira ntchito popanda kudutsa m'nyumba ya malamulo. Pa lamulo wamba pamafunika osaina okwana 5 pa 100 alionse a anthu amene anavotera bwanamkubwa pa chisankho chapitacho. Pofuna kusintha malamulo aakulu oyendetsera chigawocho pamafunika 8 pa 100 alionse. M'chigawo cha anthu ochuluka ngati California, amenewa ndi anthu mazanamazana a zikwi.

Khomo limeneli linatsegulidwa mu 1911, pa nthawi ya bwanamkubwa Hiram Johnson. Masiku amenewo kampani ya sitima zapamtunda ya Southern Pacific inali itagwira aphungu m'manja, moti lamulo losaikomera silinkadutsa. Anthu anati: ngati aphungu agulidwa, ife eni ake tizitha kupanga lamulo. Sungani mfundo imeneyi, omvera, kuti njirayi anaikonza pofuna kuthyola mphamvu za makampani akuluakulu.

Tsono msonkho wa mowa ku California mu 1990 unali wotani? Kumeneko amayeza ndi galoni, imene ndi pafupifupi malita 3.8. Pa galoni ya mowa wa m'mabotolo ndi m'zitini chigawocho chinkatolera masenti 4, ndipo mtengo umenewo unaikidwa mu 1959. Pa galoni ya mowa waukali, monga wisiki ndi jini, chinkatolera madola 2, mtengo wa mu 1967. Pa galoni ya vinyo wamba chinkatolera senti imodzi. Ndibwereze: senti imodzi pa galoni, mtengo umene unaikidwa mu 1937. M'galoni imodzi mumatuluka mabotolo asanu a vinyo, kutanthauza kuti munthu ankagula mabotolo asanu kuti boma la chigawocho lipeze senti imodzi ya msonkho umenewu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba n'kutha, anthu anapita kumwezi n'kubwerako, mitengo ya chilichonse inakwera kambirimbiri, koma senti ija inali pomwepo kwa zaka 53.

Sizinangochitika mwangozi. Vinyo wochuluka wa ku America amachokera ku California: ku Napa, ku Sonoma, ndi ku chigwa chachikulu cha pakati kumene kuli kampani ya Gallo mumzinda wa Modesto. Alimi a mphesa ndi opanga vinyo ndi anthu olemera, ndipo mawu awo amamveka ku Sacramento kumene kuli nyumba ya malamulo. Kuwonjezera apo, mu 1978 ovota anavomereza lamulo lotchuka la Proposition 13, limene linati msonkho uliwonse wa chigawo sungakwezedwe m'nyumba ya malamulo pokhapokha magawo awiri mwa atatu a aphungu atavomera. Ndiye kuti wofuna kutsekereza msonkho sankafunika kukopa nyumba yonse ayi. Kungopeza aphungu opitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu, nkhani yatha.

Chimene chinalimbitsa mtima anthu ofuna kusintha zinthu ndi fodya. Mu 1988 madokotala ndi mabungwe a zaumoyo anabweretsa Proposition 99, yokweza msonkho wa paketi ya ndudu kuchoka pa masenti 10 kufika pa masenti 35. Makampani a fodya anathira ndalama zoposa madola 20 miliyoni kuti aigwetse, koma inadutsa ndi mavoti pafupifupi 58 pa 100 alionse. Mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyo anali phungu wa ku Sacramento, Lloyd Connelly. Patapita zaka ziwiri, iyeyo pamodzi ndi ogwira ntchito m'zipatala za anthu ovulala, othandiza anthu odwala maganizo ndi olimbana ndi uchidakwa anati: zatheka pa fodya, tiyese pa mowa.

Lamulo lawo linapatsidwa nambala, Proposition 134. Mfundo yake inali yosavuta kumva ngakhale kwa mwana wasukulu: masenti asanu pa chakumwa chilichonse. Chitini chimodzi cha mowa, masenti asanu. Tambula imodzi ya vinyo, masenti asanu. Toti imodzi ya mowa waukali, masenti asanu. Powerengera pa galoni, msonkho wa mowa wa m'mabotolo ukanachoka pa masenti 4 kufika pa masenti 57.5, wa vinyo kuchoka pa senti imodzi kufika pa dola imodzi ndi masenti 29, ndipo wa mowa waukali kuchoka pa madola 2 kufika pa madola 8 ndi masenti 40. Akatswiri a boma anawerengera kuti pachaka pakanatoleredwa pafupifupi madola 760 miliyoni. Ndalamazo sizikanalowa m'thumba lalikulu la boma. Zinagawidwiratu m'lamulo momwemo: kwina ku zipatala zolandira anthu ovulala pangozi, kwina ku ntchito yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kwina ku chithandizo cha odwala maganizo, kwina kwa apolisi, kwinanso kwa ana ndi amayi ochitiridwa nkhanza.

Ine ndikuima ndi cholinga cha lamuloli, ndipo sindibisa. Munthu woledzera akagunda woyenda pansi usiku, amalipira ambulansi ndani? Amalipira dokotala wosoka mabala ndani? Mwana amene bambo ake amutulutsa panja ndi chikwapu atamwa, amamusunga ndani? Ndalama zimenezi zimachokera kwa anthu onse, amene amamwa ndi amene sanalawepo. Mtengo wolembedwa pa botolo si mtengo wonse wa mowawo. Gawo lina amalipira ndi woyandikana naye nyumba, gawo lina namwino amene sanagone, gawo lina mkazi wamasiye. Msonkho wa mowa ndi njira yobwezera kagawo ka mtengo wobisikawo pa botolo pamene unachokera.

Ndipo pali china choposa ndalama. Anthu ambiri amati chidakwa sichiona mtengo, chimagula ngakhale mowa utakwera bwanji. Kafukufuku sagwirizana ndi maganizo amenewa. Mu 2009 katswiri wina dzina lake Alexander Wagenaar ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 100 wochitika m'mayiko osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti mtengo wa mowa ukakwera ndi 10 pa 100 alionse, kumwa kumatsika ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse. Omwa kwambiri nawo amachepetsa, ngakhale kuti sachepetsa mofanana ndi ena. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limaika kukweza msonkho pa mndandanda wa njira zotsika mtengo koma zothandiza kwambiri pochepetsa mavuto a mowa, ndipo lomwelo linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni pa dziko lapansi anamwalira pa zifukwa zokhudzana ndi mowa. Komanso taganizani: munthu womwa mabotolo awiri Loweruka lokha akanalipira masenti 10 pa sabata. Wolipira zambiri ndi uja wamakatoni, amenenso kawirikawiri ndiye amadzaza chipatala.

Kafukufuku woyambirira wa maganizo a ovota ankasonyeza kuti ambiri akugwirizana nalo lamulolo. Apa m'pamene makampani a mowa anaonetsa luso limene ndikufuna kuti mulimvetse bwino, chifukwa sanangoima n'kumati ayi, monga anachitira a fodya zaka ziwiri m'mbuyomo. Anaona kuti kungokana kokha sikunapulumutse anzawo. Iwo anabwera ndi njira zitatu nthawi imodzi.

Yoyamba inali yodziwika kale: ndalama zankhaninkhani, madola mamiliyoni makumimakumi, zolipirira mauthenga pa wailesi, pa kanema ndi m'manyuzipepala. Ochirikiza 134 analibe ngakhale gawo laling'ono la chuma choterocho.

Yachiwiri ndiyo yochititsa chidwi. Makampani amene kwa zaka makumi anali kutsekereza aphungu kukweza msonkho, mwadzidzidzi anapita kwa aphungu omwewo n'kuvomera kuti msonkho ukwere, koma pang'ono. Aphungu anaika pa pepala lovotera lamulo lina, Proposition 126, lokweza msonkho wa mowa wa m'mabotolo ndi wa vinyo kufika pa masenti 20 pa galoni, ndipo wa mowa waukali kufika pa madola 3 ndi masenti 30. Ku California, malamulo awiri otsutsana akadutsa onse pa chisankho chimodzi, limene lapeza mavoti ochuluka ndilo limagwira ntchito. Choncho wovota wofuna kuti msonkho wa mowa ukwere anapezeka ali ndi mafunso awiri ofanana maonekedwe, lina la masenti asanu pa chitini, lina losakwana masenti awiri. Komanso mitengo ya mu 126 ikanalembedwa m'malamulo aakulu oyendetsera chigawocho. Nzeru yake ndi ija ya munthu amene waona kuti mlandu wamukulira kwa mfumu, ndiye wathamangira kukapereka nkhuku yekha asanamugamule mbuzi.

Yachitatu inali Proposition 136, imene makampani a mowa anaithira ndalama zambiri ngakhale kuti mutu wake sunkanena za mowa. Pamaso pake linali lamulo loteteza okhoma misonkho, lofuna kuti misonkho ina yapadera isamadutse popanda mavoti a magawo awiri mwa atatu. Koma linalembedwa moti likadutsa likhudze ngakhale malamulo ovoteredwa tsiku lomwelo. Ndiye kuti 134 ikanatha kupambana pa voti, n'kufa ndi lamulo lina la pa pepala lomwelo.

Mwaona tsopano chifukwa ndinati musunge nkhani ya 1911? Khomo limene linatsegulidwa kuti anthu wamba athawe mphamvu ya kampani ya sitima, pofika 1990 makampani anali atadziwa kulowera pomwepo. Osonkhanitsa masiginecha amalipidwa, mauthenga a pa kanema amagulidwa, ndipo amene ali ndi thumba lalikulu angathe kuika mafunso ake pa pepala kuti asokoneze funso la mnzake.

Komabe sindingakhale wachilungamo ndikanena kuti 134 inagwa chifukwa cha ndalama za makampani zokha. Inali ndi chilema chake, ndipo adani ake anachipeza msanga. Olemba lamuloli ankaopa chinthu chimene aliyense wodziwa za boma amachiopa: kuti ndalama zatsopano zikalowa ku zipatala, aphungu adzachotsako ndalama zakale n'kupita nazo kwina, zipatala n'kukhala momwe zinalili. Pofuna kutseka mpata umenewo, analemba kuti boma lisachepetse ndalama zimene linkapereka kale ku ntchito zimenezo, ndiponso kuti lizizikweza chaka ndi chaka molingana ndi kuchuluka kwa anthu komanso kukwera kwa mitengo. Mantha awo anali omveka. Koma zotsatira zake zinali zoti lamulo lobweretsa ndalama linasanduka lamulo lomanga manja a boma pa bajeti, moti m'chaka chovuta masukulu aukachenjede kapena ntchito zina zikanadulidwa kuti izi zisakhudzidwe. Otsutsa sanavutikenso kuteteza mowa. Anangoloza ndime imeneyo n'kuuza ovota kuti lamuloli lidzawadyera ndalama zoposa zimene lidzabweretse. Anthu ena oona mtima, amene analibe gawo m'malonda a mowa, analikana pa chifukwa chimenechi. Kwa ine apa m'pamene pali chisoni chenicheni cha nkhaniyi: funso losavuta la masenti asanu linakwiriridwa ndi ndime zimene wovota sakanatha kuzimvetsa ali chiimire m'kachipinda kovotera.

Tsiku la chisankho linali pa 6 Novembala 1990, ndipo zinthu zinanso zinawaipira. Pa pepala lovotera panali mafunso 28 a chigawo chonse, kuphatikizapo lamulo lalikulu la zachilengedwe limene linkakambidwa paliponse. Chuma cha dziko chinali chitayamba kulowa pansi. Dzulo lake lenileni, mtsogoleri wa dziko George Bush wamkulu anali atasaina lamulo la bajeti limene, mwa zina, linawirikiza kawiri msonkho wa boma lalikulu pa mowa wa m'mabotolo, kuchoka pa madola 9 kufika pa madola 18 pa mbiya yaikulu. Ovota otopa ndi okayika anakana mafunso ochuluka. Proposition 134 inapeza mavoti pafupifupi 31 pa 100 alionse. Proposition 126 inapeza pafupifupi 41, nayonso n'kugwa. Proposition 136 inagwanso, koma pang'ono pokha. Vinyo anakhalabe pa senti imodzi.

Koma osati kwa nthawi yaitali. Pa chisankho chomwecho Pete Wilson anasankhidwa kukhala bwanamkubwa, ndipo m'chaka chake choyamba mu ofesi anapeza bajeti yoperewera ndi pafupifupi madola 14 biliyoni. Mu Julaye 1991 iye ndi aphungu anakweza misonkho yosiyanasiyana, ndipo mowa sunasiyidwe. Anaika mitengo iti? Masenti 20 pa galoni ya mowa wa m'mabotolo, masenti 20 pa galoni ya vinyo, madola 3 ndi masenti 30 pa galoni ya mowa waukali. Ndi manambala omwe aja a mu Proposition 126, amene makampani anavomera okha.

Izi mungazione mbali ziwiri. Mbali ina, anthu ogonja aja anapindulapo kanthu. Pakanapanda kuopseza kwa masenti asanu, makampani sakanatchula poyera mtengo umene angaupirire, ndipo aphungu sakanapeza nambala yokonzeka kale yoti aitole. Senti ya mu 1937 inachoka chifukwa anthu anasaina mapepala m'misika. Mbali inayo ndi yowawa: wokhoma msonkho ndiye anadzilembera yekha kuchuluka kwa msonkho wake. Ndipo mitengo ya mu 1991 ija sinasinthe mpaka lero, patapita zaka zoposa 30.

Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachiona. Msonkho woikidwa m'masenti pa galoni umatsika wokha chaka chilichonse popanda phungu aliyense kuimika dzanja. Mitengo ya zinthu ikamakwera, masenti 20 amakhala omwewo pa pepala koma mphamvu yake yogulira imachepa. Masenti 20 a mu 1991 lero sakugula ngakhale theka la zimene ankagula nthawi imeneyo. Malipiro a namwino akwera, mafuta a ambulansi akwera, mtengo wa botolo m'sitolo wakwera, koma msonkho umenewu pa botolo la vinyo ukadali masenti 4. Makampani safunika kupempha kuti msonkho utsitsidwe. Amangofunika kuonetsetsa kuti wina asaukhudze. Bwanamkubwa Arnold Schwarzenegger anayesa kuukitsa ganizo la masenti asanu kumapeto kwa 2008 bajeti itavutanso, koma silinadutse. Mu 2010 khonsolo ya mzinda wa San Francisco inavomereza kandalama kapadera pa ogulitsa mowa kothandizira zipatala ndi ma ambulansi, meya Gavin Newsom n'kukana kusaina. Chaka chomwecho ovota anavomereza Proposition 26, imene makampani a mafuta, a fodya ndi a mowa anaithandiza ndi ndalama, yolimbitsanso malamulo kuti zolipiritsa zoterezi zisamadutse mosavuta.

Mwina wina akumvera ali ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Tete akufunsa ngati zoterezi zingagwire ntchito kwathu. Ndiyankhe mwachidule, chifukwa kusiyana kwake n'kwakukulu. Ku California pafupifupi mowa wonse umadutsa m'fakitale ndi m'sitolo yolembetsedwa, choncho msonkho umaupeza. Kwathu gawo lalikulu la mowa ndi kachasu ndi masese ophikidwa kuseri kwa nyumba, amene wotolera msonkho sawaona. Kukweza mtengo wa mowa wa m'botolo popanda kuganizira zimenezi kungathe kungosamutsa womwa kuchoka kubala kupita kwa mayi wotcheza kachasu. Chimene tikufanana nacho ndi chakuti mtengo ndi umene umatsegula kapena kutseka khomo kwa womwa. Tinaona ndi maso athu zimene mowa waukali wa m'timasacheti totsika mtengo unachita kwa ana asukulu ndi anyamata a m'madepoti, mpaka boma la Zambia linaletsa tujilijili mu 2012 ndipo Malawi naye anatsatira.

Tikabwerera ku America, ovota samangokana nthawi zonse, komanso samangovomera. Ku Massachusetts mu 2010 njira yomweyi ya masiginecha anaigwiritsa ntchito mobwerera m'mbuyo: eni masitolo a mowa anatsogolera ganizo lochotsa msonkho wa 6.25 peresenti umene aphungu anali atangouika pa mowa, ndipo ovota anauchotsadi. Ku Anchorage, mzinda waukulu wa ku Alaska, funso analiika ndi khonsolo ya mzinda osati anthu osaina, koma mathero ake ndi oyenera kuwamva. Mu 2019 ovota anakana msonkho wa 5 peresenti pa mowa wogulitsidwa m'masitolo ndi m'mabala. Ochirikiza anabwerera, n'kulemba momveka kumene ndalama zidzapite: kwa apolisi ndi othandiza pangozi, ku ntchito yoletsa nkhanza za m'banja ndi zochitira ana, ndi ku chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa komanso osowa pokhala. Mu Epulo 2020 funsolo linadutsa ndi mavoti ongopitirira theka pang'ono, ndipo msonkhowo unayamba kutoleredwa mu Febuluwale 2021. Poti anauika pa peresenti ya mtengo osati pa masenti a pa galoni, botolo likakwera mtengo m'sitolo, gawo la mzinda nalo limakwera tsiku lomwelo.